Mtundu wa mawu a amayi

Mng'ono wanga ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi anauza amayi kuti kulira kwa belu la kutchalitchi n'kobiriwira. Tinkakhala ku Kabwata, m'kanyumba ka zipinda ziwiri. Tsiku loyamba amayi anaseka. Atawonjezera kuti hutala ya minibasi ndi yofiira ngati tomato wovunda, kuseka kunatha. Anamuitanira azimayi a mapemphero, amene anamugwaditsa pasimenti masiku atatu.

Ine ndinaima pakhomo nditatseka pakamwa. Belu lija nanenso ndinkaliona lobiriwira, koma nditaona mawondo ake atasupuka ndinadziwa kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ndinafika mpaka pomamutsina m'tchalitchi kuti asiye zamisalazo. Zaka makumi atatu ndinasunga chinsinsi changa, iye akutchedwa wamizimu yekha.

Amayi atamwalira, mng'ono wanga, amene tsopano anali wojambula, anandiitanira ku Kabulonga, kunyumba ina yaikulu kumene ojambula amaonetserako ntchito zawo. Ndinapita monyinyirika, nditavala chitenje changa cha kumpingo. Pakhoma panali nsalu yoyera ya kumsika wa Kamwala, yaitali ngati chitseko, yodzaza madontho a penti. Panalibe nkhope, panalibe mtengo. Ndinayesa kuti wina wapukutirapo maburashi.

"Ni chani ichi?" ndinafunsa.

"Ni amai, ba sisi."

Anandifotokozera. Anagoneka sipika chagada, n'kuyala nsalu pamwamba, n'kuthirapo penti wamadzimadzi. Kenaka anatsegula uthenga womaliza umene amayi anamulankhulira pa foni. Mawu akamagunda, penti ankadumpha yekha n'kugwera kumene wafuna. Iye anangosankha mitundu basi.

Amayi, munthu amene ankathawa ngakhale wojambula zithunzi paukwati, apachikidwa pakhoma, alendo akuwayang'ana matambula a vinyo ali m'manja. Ndinakwiya, ndinachita manyazi, ndinafuna kutuluka. Koma maso anakana kuchoka pansalupo. Mmene amayi ankakwezera mawu poitana munthu munali pomwepo, ngakhale kachifuwa kawo ka m'mawa ndinakapeza pakona. Chinthu chimodzi chokha chinalakwika, ndipo pakamwa panathamanga mutu usanaganize.

"Yelo yachulukisa, iwe. Mau ya amai yenze na kabulauni pansi, monga tiyi."

Mng'ono wanga anaika tambula yake patebulo pang'onopang'ono. Anandiyang'ana ngati akundiona koyamba.

"Munayamba liti kuona, ba sisi?"

Ndinafuna kunama, koma bodza silinabwere.

"Kuyambila pa belu."

Sanalire, sanandikalipire. Ndikanakonda akanandimenya mbama pamaso pa anthu onsewo. Anangoweramira pansi, n'kusisita bondo lake pamwamba pa diresi.

"Ine nenze kugwada pa simenti," anatero motsitsa mawu, "imwe munali pa chitseko."