Makilampu a ku Joni, Waya wa ku Chiparamba

Maganizo ochoka kwathu anandifikira ndili chigonere pansi pa galimoto ya eni ake, girisi akundidonthera m'khutu. Atate, a Jere, anali makanika wodziwika kuyambira kwathu ku Chiparamba mpaka m'tauni ya Chipata, koma galaja yawo inali mtengo wa mango kuseri kwa nyumba. Tsiku limenelo tinkasintha buti ya shafiti, kamphira kaja kamene kamaphimba siivi, mfundo ya shafitiyo, kuseri kwa tayala lakutsogolo kuti girisi asatuluke, fumbi lisalowe. Titamaliza anandiponyera waya kuti ndimangire, monga mwa masiku onse. Mwini galimotoyo, mphunzitsi wina wovala tayi, anaseka n'kufunsa ngati tikumanga mtolo wa nkhuni. Atate anaseka naye limodzi, koma ine manyazi anandigwira mpaka kumapazi.

Madzulo ake, iwo akusamba m'manja ndi mchenga ndi sopo, ndinawauza kuti ndikupita ku Joni. Ndikanalekera pomwepo bwenzi zili bwino. Koma pakamwa pa mnyamata sipakhala buleki.

"Ine sindingakalambire pansi pa mtengo, kumanga mamotoka a anthu ndi waya ngati khola la nkhuku," ndinatero.

Sanakalipe. Anapukuta manja pang'onopang'ono, chala chimodzichimodzi.

"Wakamba zoona, Benedikito. Pita ukaone zenizeni."

Mawu amenewo ndiwo anali omaliza kundilankhula monga mwana wawo, ndipo panapita zaka khumi ndi chimodzi.

Ku Joni ndinayamba ndi kutsuka magalimoto, kenaka ndinalowa m'galaja yeniyeni, ya denga ndi makina okweza galimoto m'mwamba moti munthu umagwira ntchito uli chilili. Zenizeni zija ndinazionadi. Kumeneko buti ikang'ambika palibe amene amataya nthawi ndi kutsuka siivi. Amachotsa shafiti yonse n'kuiponya m'bini. Sabata yoyamba ndinatola imodzi, ndikuitembenuza ndi chisoni, bwana n'kundifunsa ngati ndikufuna kukaiphika. Pa magalimoto akale ochepa amene eni ake ankaumirira, ndinaphunzira kumanga buti ndi kilampu ya khutu, kachitsulo kopyapyala kamene umafinya kamodzi ndi pulayala yakeyake, basi kagwira. Ndinaikonda pulayala imeneyo moti ndinagula yangayanga. Ndikafinya, mumtima ndinkati, atate akanaona.

Koma walira mvula walira matope. Tinkagona anthu anayi m'kachipinda kamodzi, aliyense ndi chilankhulo chake, aliyense ndi foni yake kumaso. Lamulungu ndilo linali tsiku loipa. Ndinkakhala pakhonde ndikumva fungo la parafini m'zikhadabo, n'kukumbukira wailesi ya atate ikulendewera panthambi, mango akugwera pa bonati ya kasitomala, amama akutiitana kuti mbatata zikuzizira. Ndinkasowa ngakhale fumbi la njira ya kwathu, limene kale ndinkalitukwana.

Ndalama ndinkatumiza pafoni kwa amama. Anafolera nyumba ndi malata, anagula mbuzi, feteleza sankasowanso. Atate sanakhudzeko ngakhale ngwee. Ndikaimba foni, nkhani inali imodzimodzi.

"Nanga atate alipo, amama?"

"Ali pansi pa motoka, mwana wanga. Manja ali na girisi."

Lamulungu, pansi pa motoka. Mvula ikugwa moti ndikuimva pa malata, pansi pa motoka. Tsiku lina ndinawafunsa ngati atate anasamukira komweko, amama anangoseka kuseka kopanda mphamvu, n'kuyamba kundiuza za mtedza.

Chaka chatha amama ndiwo anaimba. Anati bipi yawagwetsa atate pakhomo la tchalitchi, dzanja lamanja lafooka, kuyenda n'kokoka mwendo. Anandiuzanso za galimoto yawo, yoyera yakalekale ija imene anagula kwa wansembe wina ine ndili kusukulu. Buti ya kumanzere inang'ambika masiku awiri asanadwale, ndipo iwo anaiimika pomwepo kuti fumbi lisaphe siivi. Chiimire choncho, ndipo akukana kuti munthu wina aliyense aikhudze. Kuchipatala ankapita pa njinga yamoto, atapanidwa pakati pa woyendetsa ndi amama.

Bwana anandipatsa masabata awiri. Ndinagula buti yatsopano, girisi, ndi makilampu owala ngati ndolo, n'kulongeza pamodzi ndi pulayala yanga. Kunena zoona, sindinkadziwa ngati ndanyamula chopepesera kapena chodzitamira.

Ndinalowera pa malire a Mwami m'mawa, mathiraki ali mndandanda, azimayi amalonda akukangana ndi osintha ndalama. Nditaona mapiri a Chipata misozi inalengeza, ndinachita kunamizira fumbi. Tauni inali itakula, njinga zamoto paliponse, koma msewu wa ku Chiparamba unali womwe uja wogwedeza mano. Mtengo wa mango unalipo. Pansi pake panamera udzu, ndipo galimoto inaima pamenepo nkhuku zitaiyesa nyumba yawo.

Atate anandipatsa dzanja lamanzere. Anali atachepa thupi, malaya akuwalendewera.

"Wafika bwino?"

"Ndafika bwino, atate."

"Chabwino."

Masiku khumi anatha choncho. Mwauka bwanji, tauka bwino, mwachoma bwanji, tachoma bwino, ngati anthu okumana pachigayo. Ndinkafuna kupepesa, koma ndikakhala pafupi iwo ankatsegula wailesi. Tikiti yanga inali ya Lachinayi, ndipo ndinayamba kuopa kuti ndibwerera ku Joni chimodzimodzi monga ndinachokera, mwinanso osadzawaonanso ali moyo.

Lolemba m'mawa amama anandiponyera ovolosi yakale ya atate.

"Iwe, munthu uja sakamba na pakamwa. Pita ku motoka."

Ndinathamangitsa nkhuku, n'kuika jeke. Ndisanamasule n'komwe nati yaikulu ndinamva mpando ukukokedwa kumbuyo kwanga. Sindinacheuke. Ndinachotsa tayala, ndinasolola shafiti, ndinadula buti yakale, n'kutsuka siivi m'beseni la parafini mpaka timipira take tachitsulo tinawala. Tinali tosalala, topanda chilema. Galu wamkota sakandira pachabe, anaiimika nthawi yabwino. Ndinapaka girisi, n'kuveka buti yatsopano. Mbali yaikulu inalowa movutikira, ndinachita kuikoka ndi zala zonse, koma sindinaganize kanthu. Kilampu yaing'ono ndinaifinya bwinobwino, mochedwetsa dala kuti aione pulayala ija. Kenaka ndinatenga yaikulu, ndinaizunguliza, ndipo sinakumane. Inaperewera ngati chala chimodzi.

Ndinaitembenuza, ndinaikoka, ndinatuluka thukuta. Ndinali nditagula za mtundu weniweni wa galimotoyo, nambala ndi nambala.

"Shafiti iyo si yake," anatero atate kumbuyo kwanga. "Ndinaichotsa ku motoka ina inagwa ku Mwami. Mutu wake ni waukulu."

Amenewo anali mawu ambiri kuposa onse amene ndinamva kwa iwo chifikire. Koma ine, mutu wouma ngati wa atate omwewo, ndinakwera njinga yamoto mpaka m'tauni. M'masitolo a zitsulo ndinapeza makilampu a sikuluu, a mapaipi a rediyeta, amene kamutu kake kamalemera mbali imodzi ndipo kamakhula chitsulo shafiti ikamazungulira. Ndinapezanso tizingwe tapulasitiki, timene pamsewu wathu sitingathe mwezi. Wogulitsa wina anati, "Bwana, a ku Joni inu, tengani chabe ka pulasitiki, onse achita so." Ndinabwerera chimanjamanja, dzuwa litapendeka.

Lachiwiri m'mawa ndinapeza atate atakhala kale pansi pa mtengo. Pamiyendo pawo panali mkombero wa waya wofewa, uja womangira mabelo a thonje, ndi chidutswa cha chubu cha njinga. Sanandipatse, ndipo sanandiyang'ane. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali ndithu, kenaka ndinagwada pansi ngati mkamwini.

"Atate, ndiphunzitseni. Ndinaiwala."

"Sunaiwale. Sunafune kuona."

Anandiuza kuti ndidule chubu chopyapyala ngati lamba wa wotchi, ndiyale mumpata wa buti kuti waya asadye mphira. Ndinazunguliza waya kawiri, osapingasa. Ndisanapotokole anandiimitsa, nati ndilowetse kaye nsonga ya sikuludiraiva m'mphepete kuti mpweya utuluke, apo ayi buti idzatupa ikatentha.

"Manje koka, ndiye upotokole. Koka, potokola. Osati kupotokola chabe, udzadula. Imva na dzanja."

Ndinamvadi ndi dzanja pamene waya anakhazikika. Anati mchira wake ndiupinde moyang'ana kumbuyo, kuti tayala likamazungulira usamakole udzu. Zaka zonse zija ndinkayesa kuti amangomanga poti alibe china, osadziwa kuti m'kawaya kameneko munali nzeru zinayi zimene ku Joni palibe anandiuzapo. Anaweramira pafupi, nagwira mfundoyo ndi chala chakumanzere.

"Iyi ifika ku Lundazi na kubwera," anatero. Kenaka anatola pulayala yanga, naitembenuza. "Koma aka nako n'kabwino. Pa shafiti yake, kagwira kuposa waya."

Pamenepo ndinalephera kudzigwira. Ndinati, "Atate, mawu aja ndinalakwa." Iwo anakweza wailesi, nati ndibwezere tayala dzuwa lisanakwere.

Lachitatu ndinawatengera kuchipatala pa galimoto yawo, atakhala kutsogolo, akundidzudzula pa dzenje lililonse. Amama kumbuyo ankangoimba nyimbo za kwaya. Pobwerera tinaima pamsika kugula nzimbe, ndipo anthu ankabwera pawindo kudzapereka moni kwa a Jere ndi galimoto yomwe. Linali tsiku lokoma kwambiri pa zaka khumi ndi chimodzi, koma za mawu anga aja sananenepo kanthu, ndipo ine ndinagona ndisakudziwa ngati ndakhululukidwa kapena ndangolembedwa ganyu.

Lachinayi ndinadzuka m'mawa, n'kumanga chikwama. Njinga yamoto yonditengera ku basi inali itafika kale pamsewu. Ndinapita kukatsanzika pansi pa mtengo, ndipo ndinawapeza atakhala pampando wawo, akupuma mofulumira, mawondo a thalauzi ali mbuu ndi dothi.

"Usanapite, ona mbali inayo," anatero, maso ali kuphiri. "Monga nayo yang'ambika."

Buti ya kumanja ndinali nditaiyang'ana Lolemba, inali yabwinobwino. Ndinagwada, n'kusuzumira kuseri kwa tayala. Girisi anali atangoyamba kutuluka, wakuda, watsopano. Mphira yotha yokha imang'ambika mokhotakhota, m'mphepete muli timing'alu. Apa panali mzere umodzi woongoka, waukhondo, wa mpeni. Munthu amene moyo wake wonse sanatayepo ngakhale kachitsulo ka washala, munthu wa dzanja limodzi ndi mwendo wokoka, anakwawira pansi pa galimoto mbandakucha kukadula mphira yabwino.

Ndinakhala pamenepo mutu uli kuseri kwa tayala mpaka maso anauma. Ndinkayesa kuti kwathu kukudikira ndalama zanga, kapena zitsulo zowala, kapena kupepesa kwa mawu ambiri. Kwathu kunkangofuna kuti ndikhale pansi pa mtengo uja kanthawi, ndipo kunalibe njira ina yonenera.

"Yang'ambikadi, atate," ndinatero.

"Miseu ya kuno ni yoipa," anayankha. "Ndipo buti ya motoka iyi mu Chipata mulibe. Mpaka ichoke ku Lusaka. Sabata imodzi, kapena awiri."

Amama anali ataima pakona pa nyumba, chitenje chili pakamwa. Ndinatsitsa chikwama paphewa n'kuwapatsa, ndipo ndinapita kumsewu kukauza wa njinga yamoto uja kuti azipita.