Kadzidzi wa M'thumba la Mlonda

Mng'ono wanga anabadwa pa 22 Juni 1952, ndipo chiyambire kuyenda sanasiyepo khoma loyera. Ankajambula ndi makala, ndi dothi, ngakhale ndi chala pagalasi la fumbi. Pa 9 Sepitembala 1968 mphunzitsi wake anabwera kwathu ndi kalata yoti mwanayu akaphunzire zojambula. Atate anaiwerenga kawiri, n'kuipinda kanayi, n'kuchirikiza nayo mwendo wa tebulo womwe unkagwedera.

"Zithunzi sadya," anatero.

Tsikulo ndinalilemba m'kabuku kanga monga ndimalembera masiku onse, ndipo pambali pake ndinaonjezera kuti, "Atate anena zoona." Ndinali ndi zaka makumi awiri.

Lolemba pa 3 Febuluwale 1975 mng'ono wanga analowa ntchito pashopu yosoka mayunifolomu. Chinali chipinda chachitali cha zenera limodzi, chokhala ndi makina asanu ndi atatu m'mizere iwiri. Mwini wake tinkawatchula kuti a Tepi, chifukwa tepi yoyezera sinkachoka m'khosi mwawo, ndi kumaliro komwe. Pashopupo munthu sankasoka chovala chathunthu. Wina ankasoka makolala okhaokha, wina mikono, wina mabatani. Mng'ono wanga anamupatsa matumba ndi makina achinayi, apafupi ndi zenera. Anzake anamutcha Nasingano, dzina lomwe linameza lenileni.

Nsalu zake zinali zitatu basi: khaki, yabuluu ndi yotuwa. Koma masana, anzake akatuluka kukadya, iye ankatolera timaulusi totsala pansi, n'kupeta kambalame m'kati mwa thumba, kakang'ono ngati chikhadabo cha chala chachikulu. Thumba ili mpheta, linalo namzeze, linalo njiwa yopendeketsa mutu. Kunja sikunkaoneka kanthu. Ana asukulu ndiwo ankadziwa, ndipo ankatembenuza matumba n'kumalimbirana kuti yokongola ndi ya ndani. A Tepi nawonso ankadziwa, koma poti panalibe wodandaula, ankayang'ana kumbali.

Zinayenda choncho zaka makumi awiri ndi zinayi, mpaka Lolemba pa 15 Malichi 1999.

M'mawa umenewo m'shopumo munalowa mlonda wa kampani ina yomwe inali itasoketsa mathalauza makumi asanu ndi limodzi. Thalauza lake analigwira ndi zala ziwiri, kutali ndi thupi, ngati wanyamula khoswe wakufa.

"Ndani akufuna kundipha muno?"

Makina onse anaima. Mlondayo anatembenuza thumba, ndipo m'menemo munali kadzidzi wa maso achikasu, atatong'ola bwinobwino.

"Ndasoka ndine, bambo," anatero mng'ono wanga. "Kadzidzi sagona, inunso simugona. Ndimayesa ndikukupatsani mnzanu wa pantchito."

"Mnzanga? Mbalame ya maliro? Anzanga mwawaikira njiwa, ine mwandiikira chimenechi? Chivalire thalauzali mwendo ukundiphwanya!"

"Kapena vuto n'lakuti kadzidziyo wawapeza akugona," anang'ung'udza mayi wa mabatani, ndipo shopu yonse inafa nacho chiseko.

Chisekocho ndicho chinaononga zinthu. Mlondayo anakanena kwa mabwana ake, ndipo pofika madzulo mathalauza onse anali atabwezedwa m'makatoni awiri. A Tepi anaima pakati pa chipinda.

"Nasingano, pofika Lachisanu masana ndisaonemo mbalame ngakhale imodzi. Ndipo kuyambira lero, muno ndi mosokera, si m'chisa. Ngati simukufuna, musiye sizasi patebulo."

Nthawi imeneyo mng'ono wanga anali wamasiye wa zaka zitatu, mwana wake wotsiriza ali kusekondale. Ntchito ija ndiyo inali denga lawo. A Tepi ankadziwa zimenezo, ndipo ankadziwanso kuti wina wosoka thumba losatuluka chala ngati iye sangamupeze. Choncho Lachitatu anabwera kuofesi yomwe ndinkagwira ntchito yaukalaliki.

"Mayi, inu ndinu ophunzira. Kamulankhuleni m'bale wanu. Mutu wake ndi mwala."

Lachinayi madzulo ndinapita kwake. Ndinamupeza pakhonde akusankha timaulusi m'chitini, tofiira kwake, tobiriwira kwake.

"Iwe, umasule ulusiwo basi. Pali chovuta chanji?"

"Akutumani a Tepi, achemwali?"

"Andituma anzeru. Nanga mwana adya chiyani?"

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Mwalankhula ngati atate. Tebulo lanu layambanso kugwedera?"



"Zaka makumi awiri ndi zinayi," anatero, "ndakhala ndikubisa mbalame m'matumba a anthu ngati ndinaziba. Munaionapo mbalame yokhala m'thumba? Ndinkati ndachenjera, chonsecho ndinkangoopa. Tsopano akuti ngakhale m'thumbamo zichoke. Ndiye zipite kuti, achemwali? M'manda mwanga?"

"Ukalamba ndi njala."

"Ndakalamba kale ndi khaki."

Ndinabwerera kwathu nditakwiya, ndipo m'kabuku ndinalemba kuti, "Sakumva."

Zomwe zinachitika Lachisanu pa 19 Malichi anandiuza ndi mayi wa mabatani, amene anaona zonse. Masiku anayi aja mng'ono wanga sanamasule ulusi ndi umodzi womwe. Thumba lililonse la mbalame ankalidula lathunthu, n'kusokerapo latsopano lopanda kanthu, mwaukhondo moti sungadziwe kuti panadutsa sizasi. Masana atakwana anaika mathalauza onse patebulo la a Tepi, atapindidwa bwino. A Tepi anapisa m'matumba asanu, kenaka khumi, nkhope n'kumasuka.

"Eya, mwaganiza bwino. Khalani pansi, kwabwera ntchito ya ana asukulu."

"Ndavomera kuti matumba anu akhale opanda kanthu, bwana. Za ine sindinavomere."

Anaika sizasi pamwamba pa mathalauzawo, n'kunyamula jumbo lomwe munali timatumba take.

"Nsalu imeneyo ndi yanga!" anakuwa a Tepi.

"Imeneyi mumati ndiitaye. Mukaifuna mukandipeze kudzala."

"Mubweranso muno mukugwada!"

"Maondo anga anatha ndi makina anu, bwana. Ogwadira ndilibe."

Anatsanzika anzake mmodzimmodzi, n'kupukuta makina achinayi ndi kansanza monga ankachitira tsiku lililonse, n'kutuluka.

Milungu iwiri yotsatira analumikiza timatumba tija kukhala chinsalu chimodzi chachikulu, mbalame makumi asanu ndi limodzi zonse zitayang'ana kunja, kadzidzi ali pakatikati. Pa 2 Epulo anachipachika pakhonde, moyang'ana msewu. Anthu ankaima n'kumaloza. Ena ankaseka, ena ankati mayiyu mutu wasokonekera chimwalirire mwamuna wake.

Sindinama, chaka chimenecho chinali chowawa. M'mawa ankasoka zigamba ndi kusintha mazipi pa makina akale obwereka kwa mlamu wake, ndipo masana okha ndiwo ankapeta zithunzi zake, zazikulu tsopano: amayi pamzere wa pachipatala, basi yodzaza mpaka pakhomo, mwana atagona pamsana pa mbale wake. Mwana wake anapita kusukulu teremu yonse ndi nsapato zong'ambika, ndipo kwa mwezi wathunthu sankalankhula ndi mayi ake. Chithunzi choyamba chinagulidwa pa 11 Okutobala, ndi namwino wina amene anazindikira mzere wa pachipatala uja, n'kudzipezamo yekha pakona atagwira m'chiuno.

A Tepi anatuma munthu kawiri, pa 7 Juni ndi pa 20 Novembala, kuti makina achinayi akumudikira. Ulendo woyamba anayankha kuti zikomo. Wachiwiri anafunsa wotumidwayo kuti, "Mbalame aziika kunja kapena m'kati?" Wotumidwayo atati sakudziwa, anamuuza kuti akafunse kaye. Sanabwerenso.

Sanalemere, ndipo dzina lake silinamveke patali. Koma m'nyumba zambiri za m'dera lathu muli nsalu yake pakhoma, ndipo mwana uja, amene tsopano ali ndi ana akeake, ndiye amamugulira ulusi. Chinsalu cha kadzidzi anthu atatu anachifunapo, onse anawakaniza. Chinasuluka ndi dzuwa, koma chikadali pakhonde pomwepo. Mlonda uja anapuma ntchito, mwendo wake uli bwinobwino, koma mpaka lero akafika pamenepo amawolokera tsidya lina la msewu. Mng'ono wanga amamukuwira kuti, "Mnzanu akukupatsani moni, bambo!"

Pa 22 Juni 2022, tsiku lomwe anakwanitsa zaka makumi asanu ndi awiri, ndinapita kwake ndi kabuku ka 1968. Ndinamuonetsa tsamba la 9 Sepitembala, n'kutenga cholembera kuti ndifufute mawu aja ali kuona.

Anandigwira dzanja. "Asiyeni, achemwali. Atate sananame, zithunzi sadyadi. Kungoti sanandifunse ngati njala yanga inali ya chakudya chokha." Kenaka anandipatsira singano. "M'malo moononga kabuku, ndilowetsereni ulusi uwu. Maso anu ndi a kalaliki, anga anathera m'matumba."

Tinalimbana nayo singanoyo awiriwiri mpaka tiyi anazizira.