Dzina Limene Amayi Anaitana

Ndinadzuka kusanache, msana ukuwawa chifukwa cha mpando wa pulasitiki umene ndinagonapo. Kunja kunkazizira koopsa. M'nyumba amayi a mpingo anali akuimbabe, mawu atasasa. Ndinatuluka mu tenti n'kuyang'ana nyumba ya mng'ono wanga, mpanda wautali, magetsi akuyaka ngodya iliyonse, ndipo mtima unayambanso kutentha.

Amayi anakhala kwanga ku Mchesi nthawi yonse ya matenda awo. Mkazi wanga ndiye ankawasambitsa, ine n'kumawabereka mpaka kumsewu kukakwera minibasi ya kuchipatala. Ndimagulitsa nsapato za kaunjika ku msika wa Tsoka, ndipo masiku ambiri benchi yanga inkakhala yopanda munthu. Koma atamwalira, amalume anagamula kuti maliro akhale ku Area 13 kwa mng'ono wanga, ati kwanga kulibe poimika magalimoto. Mng'ono wangayo amagwira ntchito ku banki ku City Centre. Ankabwera kudzawaona zikamukomera, atanyamula maapozi amene amayi analibe mano owatafunira.

Panali chinthu chimene sindinauze munthu, ngakhale mkazi wanga. Pamene amayi ankatsirizika ndinali ndekha pambali pawo, nditawagwira dzanja. Anatsegula maso n'kuitana dzina la mng'ono wanga. Analibwereza mpaka mawu anatha. Langa sanalitchule. Ndinalumbira kuti iye sadzamva zimenezi, poti zina zonse anali nazo kale.

Kutayera, azimayi anakoleza moto kuseri kwa nyumba. Anaika mafuwa pa kapinga wothiriridwa bwino uja, ndipo sindibisa, ndinakondwa kumuona akupsa. Anzanga a ku Tsoka anafika wapansi kuchokera pa siteji n'kukhala pansi m'mbali mwa mpanda. Telala wina wachisilamu, amene ankasokera amayi zovala, anandigwira dzanja. Kenako kunayamba kufika magalimoto. Anthu a masuti ankalowa n'kufunsa kumene kuli bwana oferedwa, ndipo ambiri anandidutsa ngati mlonda wa pageti. Wotsogolera mwambo anathokoza mng'ono wanga chifukwa cha bokosi, tenti ndi chakudya, n'kunena kuti mwana wotere ndi mdalitso. Ine anangonditchula kuti mkulu wawo aliponso. Ndinanyamuka, koma amalume anandikoka jekete kuti ndikhale pansi.

Nthawi yoona nkhope itakwana, ife ana tinalowa poyamba. Mng'ono wanga anaima pafupi nane, maso ali gwa pabokosi.

“Achimwene, inu munalipo. Amayi ananenapo chiyani?”

“Sanayankhule,” ndinatero. “Ukanafuna kumva ukanabwera.”

Anangoweramitsa mutu. Ndinkayembekeza kuti ndimva kukoma, koma sindinamve.

Dzuwa linatuluka mochedwa, mphepo ikuulutsa fumbi ndi utsi kulowa mu tenti. Abusa analalikira za mwana wolowerera, ati amayi abwerera kwa Atate awo ndipo alandiridwa ndi chimwemwe. Anathera pa phwando. Koma ine ku sekondale phunziro la Baibulo ndinkalikhoza, ndipo ndimadziwa kuti nkhaniyo sithera pamenepo. Pali mwana wamkulu amene anakana kulowa, ataima panja ndi mkwiyo wake. Kuyambira kale ndimaona kuti munthu ameneyo sanalakwe. Ndinayamba kukangana ndi Mulungu chamumtima. Ndinamufunsa ngati wokhala pakhomo n'kumagwira ntchito ndiye chitsiru.

Mdipiti wa magalimoto unanyamuka masana kulowera kumanda a ku Area 18. Ine ndinakana kukwera galimoto ya banja, ndinakwera lole pamodzi ndi anzanga. Tikuyenda pang'onopang'ono, azimayi akuimba, nkhani ija sinandichoke m'mutu. Ndinakumbukira kuti bambo wa m'nkhaniyo anasiya phwando n'kutuluka kukamupeza wamkuluyo panja, ndipo anamukumbutsa kuti iye ali naye nthawi zonse. Apa m'pamene zinandilasa. Munthu amene wakugwira dzanja suchita kumuitana. Umaitana amene palibe.

Sindinganene kuti mkwiyo unatha. Ndinangoona kuti ndinkafuna kuti chimkuzamawu chilengeze zimene Mulungu anaziona kale, ngati kuti kuona kwake n'kosakwanira. Ngati ndimamukhulupirira monga ndimanenera m'tchalitchi, ndiye kuti zimene ndinachitira amayi zili m'manja mwake, ndipo sizichepa chifukwa mng'ono wanga walandira zake.

Kumanda adzukulu anatsitsa bokosi, dothi lofiira likugumukira m'dzenje. Atakwirira, anatiitana ana kuti tiike nkhata imodzi. Tinagwada tonse awiri, mng'ono wanga mbali iyi, ine mbali iyo. Mawu anga anatuluka mwaukali ngati ndikumukalipira.

“Iwe, ndinakunamiza. Amayi anaitana dzina lako mpaka mapeto.”

Anandiyang'ana, kenako anagwa chafufumimba pamtumbirapo, suti yonse m'dothi. Analira ngati mwana. Anthu a ku banki anayang'ana kumbali. Ndinamudzutsa ndine, ndipo ali m'manja mwanga anati, “Achimwene, ndikanakonda ndikanakhala inu.” Sindinkadziwa kuti pali munthu pa dziko lino amene angandisirire.

Madzulo sindinabwerere ku Area 13. Ndinapita kwanga. Ana anali kwa azakhali awo, mkazi wanga atatsalira kukathandiza kutsuka ziwiya. M'nyumba munali zii. Ndinakhala pakhomo la chipinda cha amayi osayatsa nyali. Ndinamuuza Mulungu mosabisa kuti nsanje ikadalipo, kuti ndikufunabe amayi akanatchula ine, ndiponso kuti sindidziwa kuichotsa ndekha. Ndinati ndaisiya kwa Iye, achite nayo zimene akudziwa.

Foni inalira. Anali mng'ono wanga, kupempha kuti abwere mawa ndidzamufotokozere masiku omaliza a amayi, zonse, osasiyako. Anamaliza ndi kufunsa ngati ndamumva.

“Ndakumva,” ndinatero. “Ubwere m'mawa, nkhani yake ndi yaitali.”