Penti Yofiira pa Polo ya Kutsogolo kwa Shopu

A Maloko anakalamba akukonza maloko ndi kusula makiyi m'kashopu kamalata kumapeto kwa msewu, pafupi ndi ngalande. Ntchitoyo inawaphunzitsa kusakhulupirira munthu. Wobwera kudzasulitsa kiyi ankayamba wafunsidwa kuti chitsekocho n'cha ndani, ndipo akachita chibwibwi ankabwerera chimanjamanja.

Chaka china khonsolo inalola kuti anthu a dera lililonse azikonza okha mapulani a malo awo, monga podutsa msewu, poika mpopi ndi potaya zinyalala. Koma choyamba anafunika kugwirizana kuti dera lawolo layambira pati ndipo lathera pati. Anasankha komiti, ndipo wapampando anakhala mwini golosale, mchimwene wa akazi awo a Maloko.

M'mawa wina a komiti anafika ndi chitini cha penti yofiira, akupaka zizindikiro za malire pa mapolo a magetsi.

"Alamu, muli ndi mwayi," anatero wapampando. "Shopu yanu ili mkati."

"Wamkati ndiye mudzamugumulira khonde pokuza msewu," anayankha a Maloko osaika pansi tupa. "Ndisiyeni kunja."

"Palibe vuto," anatero wapampando, n'kuuza wopaka penti kuti apake polo ya kutsogolo kwa shopu, shopuyo itsale kunja.

Kuvomera msanga kumeneko kunawasowetsa mtendere a Maloko. Mlamu wawoyo ankatsutsa chilichonse, ngakhale umuuze kuti kunja kwatentha. Masana a Maloko chakudya anangochiyang'ana.

"Inu abambo," anatero akazi awo, "akuikani mkati mwadandaula, akutulutsani mwadandaula. Mukufuna akupachikeni m'mwamba?"

Iwo sanaseke. Anatseka shopu n'kuyamba kulondola pentiyo polo ndi polo. Anapeza kuti malirewo asiya kunja shopu yawo pamodzi ndi mdadada wonse wa nyumba za lendi za m'mbali mwa ngalande, zimene madzi amalowa mvula ikagwa. Chakumtunda malirewo anawoloka ngalande, n'kuzungulira puloti yaudzu yopanda nyumba, kenako n'kubwerera.

Pakhomo pa imodzi ya nyumbazo anapeza mayi wochapa zovala za anthu akufinya bulangete.

"Anakufunsani za malirewa, mayi?"

"Atifunse ife? Akuti ndife anthu a lendi, mawa tisamuka. Chonsecho ana anga onse anabadwira m'nyumba ino."

"Nanga puloti yatsidyayo ndi ya ndani?"

Mayiyo anayang'ana uku ndi uku. "Kaya. Ndinangoona alamu anu akuyendamo ndi munthu wa tepi yoyezera malo."

Msonkhano wovomereza malire unachitikira m'kalasi, akuluakulu atapanikizana pa madesiki a ana. Wapampando atamaliza kufotokoza, a Maloko anaimirira.

"Alamu, malire anuwa akuthawa anthu n'kukakumbatira udzu. Zikutheka bwanji?"

"Pamenepo tikufuna padzakhale bwalo losewerera ana," anayankha wapampando. "Ndipo kunja munapempha nokha."

"Ndinapempha ndekha, sindinapemphere mdadada wonse. Mwini puloti ndani?"

"Ali kutali."

"Kutaliko anapita ndi dzina lomwe?"

Anthu anaseka, koma wapampando anangopukuta thukuta ndi chipewa. Mphunzitsi wina ananena kuti malire angotsata ngalande kuyambira kumtunda mpaka kumunsi, osakhota. Manja anakwera ambiri. A Maloko anakweza lawo pomaliza, atayamba awerenga nkhope za amene anakweza msanga. Anthu a lendi analowa mkati, shopu nayo inalowa, puloti inatsala kunja.

Mwini pulotiyo sanadziwike mpaka lero. Ena amati wapampando anaigula mwakachetechete ndipo ankafuna msewu ndi madzi zimufikire. Ena amati bwalolo linali loona, a Maloko anangomana ana posewerera. Mlamu wawo anasiya kuwapatsa moni, ndipo akazi awo anayamba kupita okha kwa achimwene awo. A komiti atawapempha kuti alowe nawo m'komitimo, anakana.

"Mukufuna munditseke pakamwa ndi mpando," anatero. Komabe msonkhano uliwonse ankapezekapo, atakhala pafupi ndi chitseko.

Ntchito yoyamba ya derali inali kukumba ngalande ija ndi kuimanga ndi miyala. Mvula itabwera, nyumba za lendi zinakhala zouma koyamba. Mwini nyumbazo ataona choncho anazipaka laimu, n'kuuza okhalamo akale kuti wapeza anthu ena olipira zambiri. A Maloko anakumbuka kuti bambo ameneyo anali woyamba kukweza dzanja m'kalasi muja, ndipo anadziluma mlomo.

Mayi wochapa zovala anapeza chipinda kutsidya kwa ngalande, m'dera limene linali lisanasankhe n'komwe komiti. Tsiku losamuka a Maloko anatseka shopu, n'kumuthandiza kunyamula bedi ndi mabeseni. Powoloka kamlatho mayiyo anawathokoza, koma iwo anangoti agwiritsitse mwendo wa bedi, thabwa lapakati la kamlathoko ndi lofumbwa.