Makwinya a Azakhali Amatsala M'njira

Azakhali sakhulupirira chithunzi chimene sichinayende. Amachitumiza pa foni kwa mnzawo, mnzawoyo n'kubweza, iwo n'kutumizanso, mpaka nkhope itasalala.

Mwana wa mchimwene wawo wangobwera kumene kuchokera kunja ndi kamera, ndipo akufuna adziwike ngati katswiri. Anawajambula chithunzi chooneka tsitsi lililonse, choti apachike mu saluni mwawo. Atapitako, anapeza pakhoma pali chachimbuuzi, dzina lake lili m'munsi.

"Azakhali, foni imafinya chithunzi potumiza, zambiri n'kutayika. Anthu aziti sindidziwa ntchito."

"Atayika ndi makwinya, mwanawe. Ngati ukuwafuna, kawatole."

Akuti achitsitse, mayi wina amene ankalukidwa anamukodola.

"Ndiwe wajambula? Inenso undijambule chonchi."