Tsiku limene ndinaswa zenera la shedi

Amene akufuna kunena kuti ndikukokomeza anene, koma nkhaniyi ndi yoona, ndipo chipsera cha galasi ndili nacho padzanja mpaka lero.

Nthawi imeneyo tinkakhala ku Shawlands, dera la mumzinda wa Glasgow, ine ndikugwira ntchito yosamalira okalamba, pomwe amuna anga anapeza ganyu pa famu ya nkhosa kumapiri, kunja kwa Glasgow. Chipale chofewa chikagwa chambiri, udzu wa nkhosa ankapititsa pa chinjinga chamoto chopanda matayala, chongotsetsereka pachipalepo, chimene eni ake amati sinomobilo. Mwini famu anawalangiza kuti asanakwere aziyamba aliza injini kwa mphindi zingapo kuti itenthe, chitseko cha shedi yosungiramo chinjingacho chili chotsegula. Koma munthu wobadwira ku Nsanje, woti ngakhale kwathu mu Juni amavala majuzi awiri, mungamuuze zoima pamphepo?

Loweruka lina m'mawa ndinawaperekeza. Anandisiya m'galimoto, akuti angotenthetsa injini kenako andikweze ndilaweko. Ndinadikira mpaka kutopa, injini ikungolira, iwo osatuluka. Nditapita ndinapeza chitseko achikhoma mkati, mpata wa pansi autsekanso ndi chiguduli kuti mphepo isalowe. Ndinagogoda, ndinaitana, kuli zii. Kusuzumira pazenera, ndinaona ali pampando, mutu atauika pachiwongolero, manja ali lende. Mantha amene ndinamva pamenepo sindinawamvepo chibadwire. Ndinatola fosholo n'kuswa zenera, ndinapisa dzanja n'kutsegula, ndipo poti pozimitsira injini sindinkapadziwa, ndinangowagwira pakolala n'kuwakwakwaza mpaka panja. Mwini famu ndiye anadzazimitsa n'kuitana ambulansi. Kuchipatala anati utsi wa injini ndi umene unawakomola, ndipo ndikanachedwa pang'ono akanapita.

Zondikwiyitsa zinachitikira kutchalitchi. Amayi ena anandikokera pambali n'kunena kuti izi ndi za kumudzi, abale ansanje atitumizira, tisale kudya. Nditatsutsa, anati nanga bwanji ndingoibisa nkhaniyi, chifukwa ndikuwavula amuna anga pagulu. Ndinawayang'ana m'maso n'kuwafunsa kuti, "Mayi, mfiti yake iti inatseka chitseko ndi chiguduli? Bola achite manyazi kusiyana n'kupita kwathu ali m'bokosi."

Tonse tinakula tikudziwa kuti mbaula sugona nayo m'nyumba yotseka, ndiye tikafika kuno nzeru imeneyo timaitaya kuti? Ine ufiti pankhaniyi ndinaukana ndipo ndikuukanabe, chinali kuopa kuzizira basi. Choncho abale anga, kaya ndi sinomobilo, kaya ndi galimoto m'galaja, tsegulani chitseko musanalize injini, mulole kunjenjemera mphindi zochepazo.

Ndikayamba kufotokoza zimenezi kwa alendo, amuna anga amakwiya n'kutuluka pabalaza. Atuluke, bola akutuluka ndi miyendo yawo.