Amphaka a Mayi Gushiken

Sueko Gushiken ankalima zinanazi m'mphepete mwa nkhalango ya Yanbaru, kumpoto kwa chilumba cha Okinawa. Anali mayi wamasiye, wamfupi, wosadziwa kubisa mawu.

Tsiku lina m'mawa mphaka wake anamutulira khoswe wakufa pakhomo. Pomutola kuti akataye, ubweya unamubaya chala. Anapita naye kwa mlonda wa nkhalango, ndipo bamboyo atamuona anagwira pakamwa.

"Mayi, uyu ndi khoswe waminga. Dziko lonse lapansi sapezeka kwina koma m'nkhalango muno, ndipo atsala pang'ono kutheratu. Akuwamaliza ndi amphaka amene anthu a m'tauni amadzataya kuno."

Kuyambira tsikulo mphaka wa Sueko sanapondenso panja. Mayiyo anayamba kukhala pampando m'mbali mwa msewu wolowa m'nkhalango, akugulitsa zinanazi, maso ali pa galimoto iliyonse yoyenda mozemba. Anzake ankamuseka kuti wakwatiwa ndi khoswe.

Loweruka lina galimoto inaima chapatali, ndipo munthu anatsitsa katoni. Sueko anathamangira komweko, chikwanje chodulira zinanazi chili m'manja. Anapeza kuti ndi Seitoku, mng'ono wa malemu mwamuna wake.

"Alamu, muli chiyani m'katonimo?"

"Tiana ta mphaka basi. Kwathu mumzinda wa Naha eni nyumba akukana ziweto. Tikadzisakira tokha m'tchiremu."

"Tikasaka chiyani? Bwezani m'galimoto."

"Aa, alamu, tidane chifukwa cha khoswe? Kodi ndi m'bale wanu?"

"Anabadwira pano ngati ine. Inu munathawira m'tauni. Mukasiya katoniyo, ndikaitula pakhomo panu anthu onse akuona."

Seitoku anaona kuti si nthabwala. Anakanda m'mutu n'kufunsa kuti nanga atani nato. Sueko analanda katoniyo n'kupita nayo kunyumba kwake kuti akatisunge yekha, ndipo anamulamula kuti abwere ndi waya ndi misomali. Bamboyo anabweradi, namanga khola lalikulu kuseri kwa nyumba ya Sueko, akung'ung'udza mpaka msomali womaliza. Kholalo silinachedwe kudzaza ndi amphaka olandidwa pamsewu.

Pamsonkhano wa m'mudzi ena anadandaula kuti mayiyo akuopseza alendo odzaona nkhalango, ndipo anamupempha kuti achoke pamsewupo.

"Mlendo wopanda katoni ndimamupatsa chinanazi," anatero Sueko. "Wa katoni aziopa ndithu. Mpando wanga suchoka."

Wapampando anatsokomola, nayamba nkhani yokonza ngalande namondwe asanafike.